Tafunsani Azakhali: Kodi uphungu wa matenda akumtundu ungamudyetse munthu kuno kwathu?

Chilembereni za sickle cell mu June muja makalata sakutha kubwera, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, ndipo ambiri akuzungulira pamodzimodzi, pa matenda oyenda m'magazi a kumtundu ndi anthu amene ntchito yawo ndi kufotokozera mabanja za matendawa. Ndasankhapo asanu. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndangosiya dera.

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 18, ndangolemba kumene MSCE. Mchimwene wanga wamng'ono ali ndi sickle cell, ku Central timapitako pafupipafupi moti manesi ena amatidziwa ndi maina omwe, makamaka nyengo yozizira sitigona. Chimene chimandiwawa nchoti kuchimuna amati matendawa anabwera ndi amayi, agogo amachita kunena pagulu kuti kwathu kulibeko magazi oterewa, amayi amangokhala chete nkumakalirira kukhitchini. Tsiku lina ndikufufuza pa foni ndinapeza kuti kunjaku kuli ntchito yotchedwa genetic counselling yoti munthu umathandiza mabanja ngati lathuli. Nde ndimati ndifunse, ntchito yake imakhala yotani kwenikweni, amaphunzira kuti, nanga nditaphunzira ndingaipeze ntchito kuno kapena ndingotaya nthawi ndi ndalama za makolo? Bayoloje ndimaikonda heve ndipo ndikukhulupirira kuti ndakhoza bwino. Mtsikana wa ku Area 25

YANKHO: Mwanawe, ndiyambe ndi za amayi akozo chifukwa sindingazidumphe. Wodwala sickle cell achipatala amamutcha SS poti ali ndi ma S awiri, S kukhala kambewu ka matendawa kotengera kwa makolo. Mwana sakhala SS chifukwa cha kholo limodzi ayi. S mmodzi mchimwene wakoyo anatenga kwa amayi, S winayo kwa abambo. Agogo akamati kwawo kulibe magazi oterewa sakunama dala, kungoti munthu wa AS, yemwe ali ndi S mmodzi yekha, sadwala, amalima, amapalasa njinga mpaka ku Mitundu nkubwerako, nde S uja amatha kuyenda mwakachetechete mibadwo ingapo osaonekera mpaka tsiku lomwe wakumana ndi mnzake. Ndipo si wosowa kuno. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 yemwe anayeza magazi a ana aang'ono anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi S mmodziyu. Gwero lake ndi malungo: mwana wa AS amatetezekako ku malungo aakulu aja, nde kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno a AS amapulumuka ambiri, nkukula, nkubereka, S nkumapitirira.

Tsono zimene ndachita apazi, kutenga nkhani ya m'magazi nkuiyala moti banja limve lisiye kulozana zala, ndiyo ntchito ukuifunsayo. Phungu wa zakumtundu si dokotala, salemba mankhwala, komanso si uja wa ku lab wokhalira kuyang'ana makina. Iye amakhala pansi ndi banja, nthawi zina ola lathunthu, nkuyamba kufunsa: agogo anabereka angati, amene anamwalira ali aang'ono ndi angati, anadwala chani, ndani anapitapo padera, ndani anakwatirana pachibale. Uku akufunsa uku akujambula mtengo wa banja pa pepala, mibadwo itatu, mwamuna kabokosi, mkazi kozungulira, wodwala amamudetsa ndi pensulo. Pepala likadzadza, munthu wodziwa amayamba kuona njira imene matenda akudzera. Kenako amafotokoza kuyezetsa komwe kulipo, zotsatira zikatuluka zikutanthauza chani, mimba yotsatira ingakhale bwanji. Ndipo mbali yolemetsa ndi iyi, akatha kunena amakhalabe pompo anthu akulira kapena akupsa mtima, komanso sawasankhira zochita. Sanganene kuti siyanani, kapena musaberekenso. Amapereka zoona zake zonse, chisankho nkusiyira eni ake.

Ntchitoyi si yakale kwambiri. Dzina lakeli analiyambitsa mu 1947 ndi katswiri wina wa ku America, Sheldon Reed, ndipo sukulu yoyamba kuphunzitsa anthu a ntchitoyi inali Sarah Lawrence College ku New York mu 1969. Kuno ku Africa anayamba ndi a ku Joni, pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, University of Cape Town nkutsatira mu 2004, ndipo zaka zapitazi University of Ghana nayo yatsegula. Ku UK kuli Cardiff University. Konseko ndi masters, kutanthauza kuti sungachoke ku Fomu 4 nkulowa chindunji, uyambe wapeza kaye digiri yoyamba. Ku South Africa masters yake ndi zaka ziwiri, palinso internship, ukatero ndi pomwe umalembetsa ku bungwe lawo la HPCSA kuti uloledwe kuona anthu. Amatenga ophunzira owerengeka pa zala, ndipo amachita kukufunsa mafunso pamaso kuti aone ngati uli ndi mtima womvetsera, si magiredi okha ayi.

Nde funso lenileni la iweyo panopa ndi loti digiri yoyambayo ikhale ya chani. Apa ndikuuza maganizo anga mosabisa. Ena angakuuze kuti kachite bayoloje ku UNIMA ku Zomba, kapena biotechnology ku Bunda, kapena biomedical ku Mzuni, ndipo nzoona, amenewa amakupatsa maziko olimba a sayansi yake. Koma ine ndikanakhala mayi ako ndikanati yamba wayang'ana ku KUHeS, ija inapangidwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kampasi ina ili konkuno pafupi ndi Central pomwe umapita ndi mchimwene wakopo. Unesi ndi uzamba, udokotala, kapena za lab. Chifukwa changa nchimodzi basi, maphunziro amenewa amathera pa chiphaso chogwirira ntchito, cha Nurses and Midwives Council kapena Medical Council, nde ngakhale sikolashipu ya masters itachedwa zaka zisanu uli ndi pogwira ndipo ukuona odwala tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti manesi enanso akukhala pakhomo kudikira boma liwalembe, komabe amene ali ndi chiphaso ali ndi makomo ambiri ogogoda kuposa amene alibe. Chongoti usaiwale, sukulu za masters zija zimafuna kuona kuti genetics unaiphunzirako mokwanira, choncho uli chaka chachiwiri yamba kale kuwalembera imelo kufunsa zimene amafuna, usadikire kumaliza, komanso mapepala a kuno ukamapita nawo ku South Africa amayamba adutsa ku bungwe lawo loona za mapepala a maphunziro la SAQA kuti awayeze.

Za ntchito tsono. Sindikunamiza mwanawe, ukatsegula nyuzi kapena kuyang'ana mavakansi a boma sabata ino, dzina loti genetic counsellor si lomwe ukumane nalo. Ngakhale ku South Africa komwe anayamba kalekale mipando ya m'boma ndi yochepa, ena omaliza maphunziro amathera ku ma lab a private kapena kuwoloka nyanja. Koma ntchito yeniyeniyo, anthu ofuna kufotokozeredwa, ili mbwee. Iwe wemwe ukuudziwa mzere wa ku kiliniki ya sickle cell. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo kuseri kwa ambiri mwa iwo kuli mayi amene anafunsidwapo kuti mwanayu wamutenga kuti. Kuli ana a Down syndrome, kuli anyamata a haemophilia oti akavulala magazi saleka msanga, kuli mabanja oti khansa ya m'mawere yatenga amayi, achemwali awo ndi mwana wamkazi motsatizana, ndipo ena mwa mabanja otere vuto limakhala pa tizinthu ta kumtundu totchedwa BRCA1 kapena BRCA2 timene akatswiri anatitulukira mu 1994 ndi 1995. Makomo amene ndingakuuze kuti uziyang'anako ndi a kafukufuku ndi mabungwe ogwira ntchito m'zipatala, monga UNC Project pa Tidziwe, a Baylor amene amaona ana a khansa ndi matenda a magazi pa Central, kapena Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, poti kafukufuku aliyense wotenga magazi a anthu kukayeza DNA amafunika munthu wofotokoza bwino asanasainitse chilolezo ndiponso wobweza zotsatira mwaumunthu. Ntchito zoterezi zimakhala za kontirakiti, ndalama za ma donor zikaima nazonso zimaima, nchifukwa chake ndikukakamira za chiphaso chija.

Chimene chimandilimbitsa mtima nchoti ndinaona ndi maso anga mmene uphungu wa HIV unayambira. Poyamba anali manesi ndi anthu ongodzipereka, kufotokozera munthu pakhonde, kiliniki ya HIV ya Lighthouse nkudzatsegulidwa mu 2001, lero chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi kachipinda kake ndi munthu wake. Za kumtunduzi nazo zidzafuna anthu oyamba, ndipo oyambawo adzavutika kufotokoza ngakhale kwa mabwana awo kuti ntchito yawo ndi chani. Ngati ukufuna njira yolimidwa kale, si imeneyi.

Palinso chinthu china chimene mzungu wophunzira bwanji sangakulande, chilankhulo. Tangoganiza, liwu loti gene ukalitembenuza mwachangu nkunena kuti mwana wanu ali ndi vuto la majini, agogo akumudzi amva kuti mwana wagwidwa ndi mizimu yoipa, mawa lake ali kwa sing'anga kapena ku mapemphero a usiku, mankhwala a kuchipatala asiya. Ukati zili m'magazi, wina amva kuti ndi HIV, wina amva kuti akamuthira magazi ena zitheratu. Munthu wodziwa sayansi yake komanso wodziwa mmene mawu amagwera m'khutu la Mchewa, Myao kapena Mtumbuka ndi amene akusowa. Podikira zotsatira zako za MSCE, tenga kope ujambule mtengo wa banja lanu mbali zonse ziwiri, uziona wekha mmene mafunso ena amavutira kufunsa. Ndipo tsiku la kiliniki lotsatira pempha nesi kapena dokotala kuti abambo abwere, ngati nkotheka ndi agogo omwe, amve kuchokera kwa wa yunifolomu. Iwe ukanena ati mwana wayamba mwano.

FUNSO: Azakhali, ndine nesi komanso mzamba pa chipatala china chaching'ono kunja kwa tauni, chaka chino nchachisanu ndi chimodzi. Mwezi watha ndinachiritsa mayi wina wa zaka 41, mwana atangotuluka ndinaona maso ndi kufewa kwa thupi ndinadziwa kuti ndi Down syndrome koma pakamwa panauma, ndinangoti mukaonane ndi adokotala ku Central. Mpaka lero zikundivutitsa. Ndikuganiza zosiya ntchito ndikaphunzire za uphungu umenewu ku Joni, kaya ndikuganiza bwino? Nesi wa chaku Lumbadzi

YANKHO: Mnzanga, kuuma pakamwa kumeneko ndikukudziwa. Zaka zanga zoyamba pa uzamba ndinachiritsa mtsikana wina mwana wachisamba, mwana nkubadwa wachialubino. Mwamuna anabwera ndi phala m'kontena, anasuzumira kamodzi, anaika kontena pansi nkutuluka, sanabwerenso. Ine ndinali pomwepo, ndinaphunzirapo kuti chialubino chimachokera kwa makolo onse awiri, koma mawu oti ndimuimitse bamboyo pakhomo ndimuuze kuti theka la nkhaniyi ndi lanu ndinalibe. Mtsikana uja anatuluka yekha ndi amake. Papita zaka zambiri koma kontena ija ndimaionabe.

Komabe ntchito musasiye. Funsani kaye za tchuthi cha maphunziro, ndipo musanyamuke musanagwire kalata ya malo ndi ya ndalama m'manja. Yang'anani Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha nde mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi, yang'ananinso Commonwealth, ndi Mastercard Foundation imene ili ndi pulogalamu pa University of Cape Town. Zaka zisanu ndi chimodzi za mu leba wodi ndi chuma pa fomu yofunsira malo, nkhani mwandilemberayi ndi yomwe mukailembe m'kalata yanu, osabisa kuti munasowa chonena. Ngati muli ndi dipuloma yokha, yambani mwakweza kufika pa digiri. Pakali pano maphunziro afupiafupi a pa intaneti alipo, mu 2017 gulu la African Genomic Medicine Training Initiative linayambitsa kosi ya manesi a mu Africa muno pa nkhani zomwezi. Mbali ya uphungu weniweniwo, kumvetsera ndi kupereka uthenga wowawa, a St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa konkuno.

Koma mayi uja asadikire masters yanu. Ngati ali m'dera lanu mufufuzeni kudzera kwa alangizi a zaumoyo, mukhale naye pansi pamodzi ndi bambo wake wa mwanayo. Muwauze kuti munthu amakhala ndi ma chromosome, timitolo tonyamula za kumtundu m'thupi, 46, awiriawiri, mwana wawoyu pa nambala 21 ali ndi atatu m'malo mwa awiri, zinachitika pomwe mimba imangoyamba kumene, si chakudya chimene mayi anadya, si mdulo kapena tsempho, si kuti wina anayenda njira, si ufiti wa apongozi. Nzoona kuti zimachulukirako mayi akamakula, makamaka kupitirira zaka 35, koma atsikana ang'onoang'ono nawonso amabereka ana otere, nde musalole kuti msinkhu usanduke mlandu wina. Muwalimbikitse kuti mwana akapimidwe mtima poti ana ambiri a Down syndrome, pafupifupi theka, amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo muwauze kuti adzayenda, adzaseka, adzaphunzira, mochedwerapo koma adzatero.

Chinanso choti muzichita kuyambira Lolemba, mukamalemba mbiri ya mayi wapakati onjezani mafunso awiri atatu a kumtundu. Ife a chikamwini tili ndi mwayi wina apa poti mbali ya kuchikazi timaidziwa bwino. Haemophilia imayenda pa chromosome yotchedwa X, mayi amainyamula osadwala, odwala amakhala ana aamuna, nde mukamva kuti amalume ake a mayiyo kapena mlongo wake anataya magazi osaleka atachotsa dzino kapena ku mdulidwe, lembani ndi inki yofiira, mwana wamwamuna akabadwa asamuchite mdulidwe asanayezedwe. Funso limodzi lomweli likhoza kupulumutsa mwana, ndipo simufunika kupita ku Joni kuti mulifunse.

FUNSO: Mayi, ine ndimagulitsa masipeya a galimoto. Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 3, wabwera ndi nkhani ya ma genetics yomweyi ati ndi zimene akufuna. Ine ndimafuna achite za akawunti. Mundiuze zoona, muli ndalama mmenemu? Bambo wa ku Chinsapo

YANKHO: Bambo, zoona zake nzoti ku America ndi ku Ulaya ndi ntchito ya malipiro abwino, kuno sinafike pamenepo, ndipo amene angakuuzeni kuti mwana wanu adzalemera nayo msanga akukunamizani. Koma taonani, mwanayo ali Fomu 3, chimene akusankha panopa si ntchito, ndi maphunziro oti alimbikire: bayoloje, kemisitire, fizikisi, masamu ndi Chingerezi. Akakhoza bwino amenewa makomo onse ali otsegula, udokotala, za mankhwala, za lab, ngakhale akawunti yomweyo mukuifunayo poti nayo imafuna masamu. Ndipo genetics si ya m'chipatala mokha, mbewu za chimanga ndi mtedza zimene amapanga ku Chitedze, ng'ombe ndi mbuzi zimene amaphunzira ku Bunda, nzomwezo. Musamuzimitse moto. Mwana wa Fomu 3 wobwera yekha ndi chinthu chimene akuchifuna si wopezekapezeka, mumuuze kuti mwamva, akuonetseni magiredi a teremu ino, nkhani ya ntchito mudzakambirane zotsatira za MSCE zili pa tebulo.

FUNSO: Azakhali zanga nzovuta pang'ono. Ndili pa chibwenzi ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, kumudzi kwathu akuti palibe vuto ndi mwambo, agogo anakwatirananso choncho. Koma mchemwali wanga wamkulu ali ndi mwana wa sickle cell ndipo anzanga akundiopseza kuti tidzabereka ana olumala okhaokha. Tinakayezetsa magazi tonse tili gulu O, nde ndife otetezeka eti? Ankhoswe akufuna kukumana mwezi wa mawa. Mnyamata wa ku Kawale

YANKHO: Achimwene, choyamba, gulu O lija ndi nkhani ina. A, B, AB ndi O zimathandiza pothirana magazi, sizinena kanthu za sickle cell, anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Chimene mukufunika ndi kuyezetsa kodziwa ngati muli AA, kutanthauza opanda S, kapena AS, mukafunse ku Central kapena ku ma lab a private m'tauni muno, ndipo mutchule kuti mukufuna kuyezetsa sickle cell osangoti magazi.

Anzanuwo akukokomeza. Pa ana 100 obadwa kwa anthu osakhala pachibale, awiri kapena atatu amabadwa ndi vuto lalikulu ndithu, kwa asuweni chiwerengerocho chimakwera pafupifupi kawiri, kutanthauza kuti ana ochuluka zedi a asuweni amabadwa bwinobwino, agogo anu ndi umboni. Koma nkhani yanu ili ndi china chowonjezera. Mchemwali wanu kubereka mwana wa SS ndiye kuti iyeyo ali ndi S, anamutenga kwa amayi anu kapena abambo anu. Ngati anachokera kwa amayi, amalume anu akhoza kukhala nayenso poti anatuluka mimba imodzi, mwana wawo nkutengera. Apa nde S wa agogo mmodzi yemweyo akhoza kukumana yekhayekha m'nyumba mwanu.

Mukapezeka nonse AS ziganizireni chonchi. Aliyense wa inu ali ndi mbale ya nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Mimba iliyonse, inu mumatola imodzi mutatsinzina, mkazi naye imodzi atatsinzina. Zofiira ziwiri ndi SS, mwayi wake ndi umodzi mwa inayi. Yoyera ndi yofiira ndi AS ngati inu nomwe, iwiri mwa inayi. Zoyera ziwiri ndi AA, umodzi mwa inayi. Chimene anthu amaphonya nchoti mukatola, nyemba zimabwerera m'mbale, mimba yotsatira mumayambiranso. Si kuti mukabereka ana anayi wodwala akhala mmodzi ayi, alipo mabanja a AS awiri ana asanu onse osadwala, aliponso oti atatu otsatizana ndi SS. Mmodzi wa inu akapezeka AA, mwana wa SS sipakhala.

Moyo wa mwana wa SS mwauona kwa mchemwali wanu. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati zenga, amatsekereza timitsempha nde ululu uja, komanso amafa pa masiku 10 mpaka 20 pomwe abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, nchifukwa chake magazi amachepa pafupipafupi ndi maso achikasu aja. Zimayamba kuoneka mwana akamakwana miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, manja ndi mapazi kutupa. Komanso dziwani kuti mwana wodziwika msanga, wolandira katemera yense, penisilini, mankhwala oteteza malungo ndi hydroxyurea amakula, amaphunzira, ena ali pa ntchito m'tauni momuno. Zoti mukwatirane kapena ayi sindikuuzani ine, ndipo wachipatala aliyense asakusankhireni. Changa nchakuti mukayezetse nonse awiri ankhoswe asanakhale pansi, mumve zotsatira muli limodzi, ndipo mupangane musanalowe kuti chilichonse chituluke wina sakanena za mnzake kumudzi, poti nkhani zoterezi zikafika kwa akuluakulu amene amasenza dzina loipa amakhala mtsikana.

FUNSO: Nde anthu amenewa ndi aja amayeza DNA kuti tidziwe ngati mwana ndi wako? Ndili ndi nkhani yanga. Bambo wa ku Area 23

YANKHO: Ayi bambo, kuyeza ubambo ndi ntchito ya lab, ndipo ikakhala nkhani ya mlandu wa chisamaliro cha mwana imadzera kukhoti. Phungu wa zakumtundu ntchito yake ndi matenda. Nkhani yanuyo simunaitchule, koma ngati chakukayikitsani ndi khungu la mwana, kapena matenda amene mukuti kwanu kulibe, werengani kaye zimene ndayankha mtsikana wa ku Area 25 pamwambapa musanalankhule chilichonse kwa akazi anu. Makolo awiri akuda bii amabereka mwana wachialubino, makolo awiri osadwala amabereka mwana wa sickle cell, mwanayo nkukhala wawo ndithu. Ngati ndi zachialubino, a APAM, bungwe la anthu achialubino, angakulumikizeni ndi abambo anzanu amene anadutsa momwemo. Ndilembereninso mundiuze msinkhu wa mwanayo ndi zimene achipatala ananena, ndikuyankhani panokha.